Zikwangwani za Njira ya Mphonde

Anandipatsa zitini ziwiri za penti, yoyera ndi yobiriwira,
matabwa khumi ndi anayi, misomali m'kajumbo,
ndi pepala la ku khonsolo:
Pano mlembi Zakeyu Mphonde ankapumula.
Pano anaona dambo lili pa tsamba la makumi atatu lija.

Buku lakelo ndinaliwerenga ndili folomu thuu,
chikuto chitathothoka,
masamba omaliza wina atapichirira fodya,
moti mpaka lero sindidziwa
ngati mnyamata wa m'nkhaniyo anabwerako ku Joni.

Ndinanyamuka pa Ludzi mame asanakamuke.
Pepala linkati mkuyu.
Ndinapeza uvuni wa njerwa wogumuka
ndi mbuzi itaima pamwamba pake ngati kapitawo.
Ndinakhomabe. Amalipira pa thabwa, osati pa mtengo.

Dambo lija tsopano ndi madimba okhaokha,
anyezi, tomato, mpiru wofota ndi dzuwa la Okutobala.
Mnyamata wothirira anatula keni, nawerenga movutikira,
kenaka anandifunsa:
alendo anuwo akamadutsa, azigula tomato?

Thabwa lachisanu ndi chinayi linagwera pa khomo la munthu,
pafupi ndi chigafa chopanda fodya.
Mayi wina ankasenda mtedza pa chiguduli,
makoko atamukwirira mpaka m'akakolo.
Tandiwerengerani, anatero, magalasi anga anasweka.
Ndinawerenga mokweza, monyadira ntchito ya manja anga:
Apa mlembi ankadutsa Lachisanu lililonse
popita ku positi ndi zolemba zake.

Anaseka mpaka mtedza unamwazika.

Agogo ajawo? Ndi mwendo wotupa ujawu?
Sankapitirira pa chitsime apo.
Ndine Donata, mdzukulu wawo, funsani aliyense.
Ankayenda ndi amayi anga, Felesiya,
ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
envulopu itakulungidwa m'nsalu kuopa mvula,
masheleni a sitampa atamangidwa pa mfundo.
Akabwerako mapazi ali mbuu,
asanamwe ndi madzi omwe,
agogo ankawakhazika pa mpando wa ndalema:
Waona chiyani lero? Usalumphe kanthu.
Amayi nkumafotokoza,
akakowa pa dambo, ngolo yothyoka gudumu,
maliro amene anakumana nawo pa mlatho wa Bua,
agogo nkumalemba, lilime lili panja.

Ndinafunsa ngati Felesiyayo analiwerenga bukulo.
Anasiyira sitandade wanu, anatero,
sukulu ndi positi zinkalimbirana miyendo yomweyo.
Anandipatsa mtedza wodzaza chipewa,
nabwerera ku makoko ake.

Kuchokera apo njira inandilemera mwina.
Ndinayamba kuiyeza ndi mapazi aang'ono,
kuona pamene mwana angaope,
pa nsungwi zolira zokha,
pa manda opanda mpanda,
pamene angaime kuzula minga,
pamene angathamange kuti dzuwa lisamulowere,
akuloweza zonse m'mutu
chifukwa kunyumba kukudikira funso.
Dambo la pa tsamba la makumi atatu,
limene aphunzitsi ankatiuza kuti ndi diso la katswiri,
linalowa m'buku kudzera m'maso a mwana wosadziwa a, e, i.

Ndinafika pa boma mapiri a Mchinji atayamba kuda.
Positi inali yotseka, loko wadzimbiri,
pakhonde mtsikana akugulitsa mayunitsi.
Ndinakhoma thabwa lomaliza monga mwa pepala,
dzina la Mphonde, zaka zake, zonse bwinobwino.

M'chitini munatsala penti ya zala ziwiri.
Ndinazungulira kuseri kwa thabwalo,
mbali imene sajambula a khonsolo,
ndipo ndinalemba ndi bulashi yotha ubweya:
Felesiya anafika pano wapansi.
Penti inayenderera pa F,
S anapendama.
Mtsikana wa mayunitsi anabwera kudzasuzumira.
Ameneyo ndiye ndani?
Ndinamupatsa mtedza, ndinakhala pa sitepe,
basi yomaliza ya ku Kamwendo ikuimba hutala.